Nambala 14 Isanatuluke Pageti

Ku Tampere, mwezi wa Januwale,
faifi koloko m'mawa ndi usiku weniweni.
Ndimalowa m'galaja chipale chili ku jombo,
tochi kukamwa, khofi kukhwapa,
lole nambala 14 ili duu pakona pake
ngati ng'ombe yodziwa kuti goli likubwera.

Ndimayamba ndi matayala, onse khumi.
Nyundo pa lililonse.
Lokhuta limayankha kuti ndu,
lanjala limang'ung'udza.
Kenako oilo wa pampu:
kuzula kachitsulo, kupukuta, kubwezera, kuzulanso.
Akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa,
tsiku latha lisanayambe.
Lero ali ngati uchi. Ndachonga pa fomu.

Anandiphunzitsa ndi Aulis,
yemwe khutu lake lamanzere linafera ku Hervanta
chaka chomwe paipi inamuphulikira pambali pa mutu.
Iye ankagunditsa sipanala pa pampu,
mbali inayo n'kuiluma,
kumvetsera ndi chibwano, maso ali tsinzini.
"Bering'i ikamadwala sibisa," ankatero,
"kungoti siuza makutu."
Anapuma ntchito, sipanalayo anandisiyira.
Ili ndi zipsera za mano a anthu awiri tsopano.

Pamwamba m'thanki muli mpira wachitsulo.
Ntchito yake ndi imodzi basi, kuyandama,
kuti nyansi zikafika m'khosi utseke njira
zisakwere kukapha pampu.
Ndimaukankha ndi chala. Ukusewera.
Mphira wa chitseko chakumbuyo ndimaupaka girizi
monga momwe ndinkapakira mafuta mwana wanga m'zigongono
asanayambe kundikana.

Sefa ndiye nyuzipepala ya mzinda uno.
Dzulo anthu anadya nsomba, mafuta ake aundana gwa.
Timitengo ta m'makutu, tsitsi, nsalu zopukutira makanda
zomwe papaketi amati zimasungunuka. Bodza.
Tsiku lina ndinapezamo mano oikirira, akumwamba okhaokha,
ndinawatsuka n'kuwaika pawindo la ofesi.
Mwini wake sanabwerebe.

Paipi yopopera ndimaiyendera ndi dzanja lopanda golovesi,
chifukwa golovesi ndi wakhungu.
Mita yoyamba, yachiwiri, yachisanu, zala zikuluma ndi chisanu,
ndipo apa, pafupi ndi cholumikizira,
katupa kanthu ngati chithupsa chosapsa.
Ndikakadina kakubonyoka.

Wailesi ikulira. Ndi Sointu wa ku ofesi:
"Foloti ya ku Kaleva, chipinda chapansi,
madzi afika m'akakolo, aimba kanayi.
Uli kuti?"
"Mphindi makumi awiri."
"Unatero Lolembanso."
Ndinaterodi. Ndipo Lolemba palibe anagontha.

Ndadula pomwe patupapo ndi sowo,
cholumikizira chatsopano, zomangira ziwiri,
mabawuti mosinthanasinthana kuti asakokere mbali imodzi.
Injini ndalizitsa. Valavu ndatseka.
Singano ya geji yakwera pang'onopang'ono,
yaima, ndawerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi,
sinatsike.
Sipanala pa pampu, mano pa sipanala.
Chibwano chikuti zonse zili bwino,
ngakhale dzino lakumapeto lija likufuna dokotala.

Madzulo ndidzabwera nayo itathapsa,
ndidzaitsuka m'mimba, ndidzakhetsa madzi onse
mpaka dontho lomaliza la m'mpope,
poti madzi ogona m'chitsulo kuno amadzuka ali mwala
ndipo mwala umang'amba nyumba yomwe wagonamo.
Koma zimenezo ndi za madzulo.

Pansi pa fomu pali kabokosi ka "Zina".
Zaka khumi ndi chimodzi sindinalembemo kanthu.
Lero ndalemba: galasi lakumanzere likunjenjemera.
Geti yatseguka, mphepo yalowa ndi chipale chake.
Kutsidya kwa msewu, pansanjika yachitatu, nyale yayaka,
wina wagujumula chimbudzi ali m'tulo,
wazimitsa.
Ndaika giya yoyamba. Mphindi zakwana makumi atatu ndi zinayi,
Sointu aziwerenga yekha.